Tishu yotchipa: ndi iti imene imapulumutsadi ndalama?

Sopo amalembedwa magalamu, mankhwala otsukira mbale amalembedwa mamililita, ndipo wogula amatha kuyerekeza mitengo ali chiimire pa shelefu. Tishu yam'chimbudzi imagulitsidwa pa mpukutu, koma mpukutu si muyeso. Wina umakhala ndi timapepala 150, wina 350, wina 500, ndipo yonse ikakulungidwa m'pulasitiki imaoneka ngati ndi yofanana. Apa ndi pamene anthu ambiri ofuna kuchepetsa ndalama zogulira zinthu zam'nyumba amaluzira. Amatola paketi yotsika mtengo kwambiri, kenako amadabwa kuti mwezi usanafike pakati yatha kale.

Matishu otchipa alipo a mitundu inayi imene imapezeka pafupifupi kulikonse: ya pepala limodzi imene imalembedwa 1-ply, ya mapepala awiri ophatikiza imene imalembedwa 2-ply ndipo nthawi zambiri imakhala ndi dzina la sitolo yomwe ikugulitsayo, yotuwa yopangidwa ndi mapepala akale, ndi mipukutu ikuluikulu ya m'maofesi imene amati jumbo. Tisanaiweruze umodzi ndi umodzi, tiyambe ndi kawerengedwe, chifukwa popanda iko chiweruzo chilichonse n'chongopeka.

Kuwerenga mtengo weniweni

Tengani chiwerengero cha mipukutu m'paketi, chulukitsani ndi chiwerengero cha timapepala ta mpukutu umodzi, kenako gawani mtengo ndi yankho limenelo. Tiyerekeze, kaya ndalama yake ndi ya dziko liti. Paketi yoyamba ili ndi mipukutu 10 ya timapepala 150 ndipo mtengo wake ndi 100. Yachiwiri ili ndi mipukutu 9 ya timapepala 350 ndipo mtengo wake ndi 170. Mukayang'ana mpukutu wokha, woyamba ukugwa pa 10 pomwe wachiwiri ukugwa pafupifupi pa 19, ndiye dzanja limathamangira woyamba. Koma paketi yoyamba ili ndi timapepala 1,500 ndipo yachiwiri ili ndi 3,150. Timapepala 100 ta paketi yoyamba tikugwa pa 6.7, ta yachiwiri pa 5.4. Yooneka yodulayo ndiyo yotchipa, ndipo kusiyana kwake kukuyandikira gawo limodzi mwa magawo asanu.

Kuwerenga timapepala kokha sikukwanira, chifukwa kapepalako nakonso kamasiyana kukula. Kapepala ka masentimita 10 m'lifupi ndi 11 m'litali ndi kakakulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi kuposa ka masentimita 9.5 ndi 10, ngakhale tonse timawerengedwa kuti ndi kamodzi. Opanga akafuna kukweza mtengo mosaonetsera, kawirikawiri ndi apa pamene amadula: theka la sentimita m'mbali, timapepala 20 pa mpukutu, paketi n'kukhala yomweyo, mtengo womwewo. Ngati paketi yalemba kutalika kwa mpukutu m'mamita, gwiritsani ntchito mamitawo. Ngati sinalembe chiwerengero cha timapepala kapena mamita, ikungonena kuti "yaikulu" kapena "yokhalitsa", isiyeni pomwepo. Wopanga amene ali ndi chiwerengero chabwino amachilemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Muyeso umene sunama ndi sikelo. Ikani mpukutu watsopano pa sikelo ya kukhitchini, ndipo ukadzatha muyezenso kachubu kakatoni kapakati, kamene nthawi zambiri sikafika magalamu 10, n'kuchotsera. Chotsalacho ndi pepala limene munalipira. Mungathenso kuona ngati zolembedwa pa paketi zikugwirizana ndi kulemera. Pepala la 1-ply lolemera magalamu 18 pa sikweya mita, lokhala ndi timapepala 500 ta masentimita 10 ndi 11, liyenera kulemera magalamu pafupifupi 99. Mukapeza 60, ndiye kuti kaya timapepalato sitikufika 500, kaya pepalalo ndi lopyapyala moti mudzafunika kulipinda kangapo. Njira zonse ziwiri, mwagula zochepa.

M'sitolo simungayende ndi sikelo, koma muli ndi dzanja. Finyani mpukutu kudzera m'pulasitiki. Wopota molimba umakana chala. Wopota molefuka umabonyoka ngati siponji, ndipo umenewo ndi mpweya. Timaluwa todinda pa pepala timathandiza kuti likhale lofewa ndiponso kuti mapepala awiri agwirane, koma timatukumulanso mpukutu kuti uoneke wonenepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'ananinso dzenje lapakati. Mpukutu wa masentimita 11 kupingasa wokhala ndi kachubu ka masentimita 4, ukasinthidwa kachubu n'kuikidwa ka masentimita 5, umataya pepala pafupifupi 9 pa 100 alionse koma kunja sukusintha ngakhale pang'ono. Mpukutu wa masentimita 10 wokhala ndi kachubu ka 4.5 uli ndi malo a pepala ochepera ndi pafupifupi kota poyerekeza ndi woyamba uja, pomwe pa maso kusiyana kwake ndi sentimita imodzi yokha.

Masamu omwewa ndi amene amafotokoza chinthu chimene chimakwiyitsa anthu m'nyumba zambiri, choti mpukutu umachedwa kuyamba kuchepa koma ukangofika pakati umatha ngati wina akuuba. Pa mpukutu wa masentimita 11 uja, theka la pepala lonse lili m'mphepete mwakunja, m'kachigawo kosafika sentimita imodzi ndi theka kuchindikala. Mukaona kuti watsala wa masentimita 8, dziwani kuti theka lapita kale.

Chimene chimasiyanitsa pepala lofewa ndi lokhakhala

Pepala limapangidwa ndi timaulusi ta mitengo. Mitengo ya mtundu wa paini ili ndi timaulusi titalititali, tofika mamilimita atatu, ndipo ndi timene timalimbitsa pepala. Mitengo ngati bulugamu ili ndi tatifupi, pafupifupi milimita imodzi, timene timapangitsa pepala kusalala. Tishu yodula imasakaniza mitundu iwiriyi mosamala. Ena amagwiritsa ntchito nsungwi kapena zotsalira za nzimbe zikafinyidwa. Pa fakitale, pepala lonyowa limamatidwa pa chiguduli chachikulu chachitsulo chotentha chimene amachitcha Yankee, ndipo likauma mpeni wautali umalipala n'kulisiya ndi timakwinya ting'onoting'ono. Timakwinyato ndi timene timachititsa kuti tishu izitamuka pang'ono ndi kufewa, osakhala ngati pepala lolembapo. Tishu yotchipa kwambiri imene imalira "tswatswa" mukaikwinya m'manja ndiponso imaterera m'malo momwa madzi, timakwinya take ndi tochepa. Imeneyo ngakhale itakhala yaulere siigwira ntchito yake.

Ya 1-ply

Iyi ndi imene imatsika mtengo kwambiri pa kapepala kamodzi, ndipo pali ina yabwino ndithu. Vuto lake lili m'dzanja la wogwiritsa ntchito. Munthu sawerenga timapepala, amakoka mpaka amve kuti m'manja mwakwanira. Amene akanadula timapepala 4 ta 2-ply amadula 8 kapena 10 ta 1-ply, ndipo phindu lonse limathera pomwepo. Chotero poyerekeza mitengo, timapepala tiwiri ta 1-ply muziwerenga ngati kamodzi ka 2-ply. Mpukutu wa 1-ply wa timapepala 500 ndi wofanana ndi wa 2-ply wa 250, osati kuposa pamenepo.

Kwezani kapepala kamodzi ku kuwala. Ngati mukuona timabowo kapena malo ena opyapyala kuposa ena ngati mitambo, pepalalo lidzaboola chala likangonyowa. Ngati kuwala kukudutsa mofanana paliponse, ndi labwino. 1-ply yolimba, yopota mothina, imachita bwino m'nyumba za anthu ambiri ndi m'zimbudzi zimene madzi ake ogejemulira ndi ofooka, chifukwa imasungunuka msanga. Yopyapyala yotukumuka ija ndiyo tishu yodula kuposa zonse pa shelefu, ngakhale chikwangwani cha mtengo chikunena zina.

Ya 2-ply ya dzina la sitolo

Kwa mabanja ambiri, iyi ndiyo yoyenera kugula. Masitolo akuluakulu sapanga okha tishu. Amaitanitsa ku mafakitale a mapepala n'kuikapo dzina lawo, ndipo mtengo umatsika chifukwa mulibe ndalama zotsatsira malonda. Kufewa kwake sikufika pa 3-ply yodula, koma kusiyanako n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo. Pepala lililonse mwa awiriwo limakhala lopepuka, mwina magalamu 15 kapena 16 pa sikweya mita, koma akaphatikizana amasunga mpweya pakati ndipo amamwa madzi bwino kuposa pepala limodzi lolemera chimodzimodzi.

Zolakwika zake zilipo, ndipo zimabwerezabwereza. Choyamba ndi kulekana kwa mapepala. Mumakoka, n'kupeza kuti mizere ya timabowo todulira ya pepala lapamwamba sikugwirizana ndi ya lapansi, ndipo kapepala kalikonse kakung'ambika mokhota. Ambiri amaganiza kuti mpukutuwo ndi wowonongeka kuchokera ku fakitale. Nthawi zambiri si choncho. Chimachitika n'chakuti poyamba mpukutu, wina anamatula pepala lapamwamba lokha n'kulizunguliza kamodzi, ndiye likuyenda ndi mnzake wolakwika. Gwirani pepala lakunjalo lokha, libwezeni kuzungulira mpukutu kamodzi, dulani chotsalira, ndipo mizere idzakumananso.

Chachiwiri ndi guluu. Kumayambiriro kwa mpukutu amamata kuti usamasuke, ndipo pa mitundu yotchipa guluuyo amachuluka n'kulowerera mizere itatu kapena inayi, moti mumang'amba timapepala 5 kapena 6 musanapeze poyambira. Kumapeto nakonso ena amamatirira pa kachubu. Pa mpukutu wa timapepala 350 izi si kanthu. Pa wa 150, mwataya gawo looneka. Chachitatu ndi fumbi. Tikitani kapepala pa nsalu yakuda kasanu. Ikayera ndi tinyenyeswa, tishuyo idzachita chimodzimodzi pa khungu, ndipo mudzaona kafumbi koyera kakuunjikana pansi pa chopachikira chake.

Chinthu chimodzi choyenera kukumbukira ndi mtundu umenewu n'chakuti sitolo ikhoza kusintha fakitale imene ikuipangira popanda kusintha paketi. Tishu imene inali yabwino chaka chatha ikhoza kukhala ina lero. Muziwerenganso manambala a pa paketi nthawi ndi nthawi.

Yotuwa ya mapepala akale

Anthu amaipeputsa chifukwa cha mtundu wake, koma kutuwako sikutanthauza uve. Mapepala akale a m'maofesi ndi ena amasungunulidwa, amachotsedwa inki, amatsukidwa ndi kuumitsidwa pa chitsulo chotentha. Kutuwa kumangosonyeza kuti sanayeretsedwe kwambiri ndi mankhwala. Timaulusi timafupika nthawi iliyonse imene pepala lapangidwanso, n'chifukwa chake tishu yotere imakhala yokhakhala pang'ono ndiponso yosalimba ikanyowa. Kufooka komweko ndi ubwino wake m'mapaipi, popeza imaphwasuka mofulumira. Kwa amene ali ndi thanki ya zonyansa pakhomo, imene imafunika kulipira galimoto yodzapopa ikadzaza, iyi ndi tishu yoyenera kuiganizira.

Sankhani ya 2-ply ngati ilipo. Pewani imene ili ndi timadontho takuda tambiri kapena tizidutswa tolimba timene mungatimve ndi chala, chifukwa zikusonyeza kuti phala lake silinasefedwe bwino. Inunkhizeninso. Fungo la chinyontho limatanthauza kuti inasungidwa ponyowa, kaya ku fakitale kaya m'sitolo.

Kwa munthu wa khungu losachedwa kuyabwa, kapena amene ali ndi zotupa kumalo otulukira chimbudzi, kukhakhala kwake kukhoza kuvutitsa. Pamenepo kuli bwino kugula mpukutu wofewa wa munthu mmodziyo kusiyana ndi kusinthira banja lonse ku tishu yodula. Ndipo pa nkhani ya khungu yomweyi, tishu yonunkhiritsa ndi yopaka mitundu ilibe phindu lililonse. Mafuta onunkhira ndi utoto ndi zimene zimayambitsa kuyabwa kwa anthu ena, pomwe mtengo umakwera chifukwa cha zomwezo. Pa mitundu yambiri fungolo amangolipaka pa kachubu kapakati.

Ya jumbo

Mipukutu ya m'maofesi, m'masukulu ndi m'malo odyera imatalika mamita 200, 300 kapena kuposa, ndipo pa mita imodzi kawirikawiri ndi yotchipa kuposa ina yonse. Koma siikwana pa chopachikira wamba. Imafuna bokosi lake lokhomera kukhoma, ndipo musanagule bokosilo muyeze kupingasa kwa mpukutu ndi kukula kwa kachubu, chifukwa sizifanana. Popanda bokosi, mpukutuwo umakhala pansi kapena pa thanki ya madzi kwa milungu ingapo, umanyowa, umada, ndipo ukangogwera m'madzi kamodzi mwataya tishu ya mwezi wathunthu. Ina ilibe n'komwe timabowo todulira, imadalira mano a bokosi, ndipo anthu amakoka motalika. Pakhomo pa anthu 8 kapena 10 imabweza ndalama ya bokosi. Pa anthu awiri, musavutike nayo.

Kuyesa kwa botolo

Ndalama zimene mwapulumutsa chaka chonse zikhoza kuthera tsiku limodzi kwa mmisiri wa mapaipi, choncho tishu iliyonse yatsopano iyesedwe m'madzi. Tengani botolo loonekera m'kati la kukamwa kwakukulu, thiranimo theka la lita la madzi, ponyanimo timapepala 4, tsekani, ndipo khutchumulani mwamphamvu kwa masekondi 10. Tishu yabwino imasanduka tinyenyeswa toyandama ngati mtambo. Yokayikitsa imang'ambika m'zidutswa zikuluzikulu. Yoipa imangodzipota n'kukhala chibuluma chimodzi. Chodabwitsa n'chakuti pa mayeso amenewa yotchipa imapambana yodula kawirikawiri. Ya 3-ply ndi 4-ply yochindikala imachedwa kuphwasuka, ndipo m'chimbudzi chamakono chogejemula malita 6, kapena 3 mukadina batani laling'ono, madzi sakwanira kukankha chibuluma chachikulu m'paipi ya mamilimita 100 kapena 110. Zimbudzi zakale zinkatsitsa malita 9 kapena kuposa ndipo zinkakhululuka zambiri.

Pofuna kusunga ndalama, ena amalowetsa m'malo mwa tishu zinthu zina zimene zili pafupi: mapepala opukutira kukhitchini, timapepala ta patebulo, timapepala topukutira kumaso, nyuzipepala, kapena timansalu tonyowa topukutira ana. Mapepala a kukhitchini ndi a kumaso amathiridwa mankhwala oti asaphwasuke akanyowa, chifukwa ntchito yawo ndi imeneyo. Tishu yam'chimbudzi amaipanga kuti ichite zosiyana ndi zimenezo. Ponyani pepala la kukhitchini m'botolo lija ndipo mudzalitulutsa lathunthu. Timansalu tonyowa ndiye toipitsitsa, popeza tambiri tili ndi ulusi wa pulasitiki ndipo sitiwola. Timakodwa pa malo okhota a paipi, mafuta ndi tsitsi n'kumangirirapo, mpaka njira itatsekeka. M'chimbudzi chokumba sititseka kanthu, koma timadzaza dzenje msanga ndi kuvutitsa opopa. Nyuzipepala ndi yolimba, imakanda, siimwa madzi, ndipo nayonso imatseka mapaipi.

Kudziwa mmene banja lanu limagwiritsira ntchito

Manambala a pa paketi amakuuzani zimene mwagula, koma sakuuzani masiku amene zidzathe. Lembani deti ndi pensulo m'kati mwa kachubu tsiku limene mwapachika mpukutu, ndipo ukatha werengani masiku. Chitani zimenezi ndi mipukutu itatu ya mtundu umodzi, kenako itatu ya mtundu wina, pa milungu imene m'nyumba mulibe alendo kapena wodwala m'mimba. Gawani mtengo wa mpukutu ndi masiku amene wakhala. Mtengo wa pa tsiku umenewo ndiwo woweruzira, chifukwa waphatikiza zonse: kupyapyala, guluu, kukoka kwa ana, ndi timapepala tong'ambika molakwika. Musagule bele lathunthu la mtundu umene simunauyese. Yambani ndi paketi yaing'ono.

Pali tinjira tingapo tochepetsera kagwiritsidwe popanda kukangana ndi aliyense. Musanapachike mpukutu, uphwanyeni pang'ono ndi chikhatho kuti kachubu kakhale kobulungira motalika ngati dzira. Sumazungulira mwaufulu, ndipo mwana akakoka mwamphamvu umaima pa timapepala tochepa m'malo momasuka mpaka pansi. Kupinda kumafuna pepala lochepa kuposa kukwinya chibuluma, ndipo ana akaphunzitsidwa adakali aang'ono amazolowera. Amene amadzitsuka ndi madzi n'kugwiritsa ntchito tishu pongoumitsira amafunika timapepala tochepa kwambiri, koma kwa iwowo 1-ply yopyapyala siyenera, chifukwa imamatirira pa khungu lonyowa n'kunyenyeka. Ndipo tishu yambiri m'nyumba siithera m'chimbudzi n'komwe. Imathera kupukuta mphuno, magalasi, tebulo ndi nsapato. Kansalu kochapika kakhale pafupi pa ntchito zimenezo.

Kugula zambiri nthawi imodzi

Paketi yaikulu nthawi zambiri imatsitsa mtengo, koma osati nthawi zonse. Werengani ndithu, chifukwa pamakhala nthawi zimene mapaketi awiri a mipukutu 9 otsitsidwa mtengo amatchipa kuposa imodzi ya 18. Chenjeraninso ndi mawu akuti mpukutu umodzi ndi wofanana ndi iwiri kapena inayi "wamba". Wamba ameneyo ndi kampukutu kakang'ono kamene wopangayo wadzisankhira yekha poyerekezera, ndipo kampani iliyonse ili ndi kake.

Tishu siwonongeka ndi nthawi ngati ili pouma, choncho kusunga ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi n'kotheka. Adani ake ndi chinyontho, makoswe ndi chiswe. Musaisunge m'bafa momwe anthu amasambira madzi otentha, chifukwa nthunzi imalowa m'pepala, limafota, limanunkha nkhungu ndipo limataya mphamvu. Musaiike pa simenti kapena kuitsamiritsa kukhoma lakunja. Ikhale pa shelefu kapena pa thabwa lokwera masentimita 10 kapena 15 kuchokera pansi, ili m'pulasitiki yake. Boolani paketi mbali imodzi yokha, muzitulutsa mpukutu umodziumodzi n'kupindanso pakamwa pake. Makoswe amakonda tishu popangira zisa, ndipo mpukutu umene aluma kapena kukodzera ndi wotaya wonse, osati kungodula mbali yolumidwayo. Ngati m'nyumba muli makoswe, chidebe chapulasitiki chokhala ndi chivundikiro chothina chimakwana mipukutu yambiri ndipo chimatsekereza chinyontho nthawi yomweyo. Katundu wolemera asakhale pamwamba pa mapaketi, chifukwa kachubu kakaphwanyika kotheratu mpukutu sulowanso pa chopachikira.